Musanagwetse nyumba, dziwani chimene chikugwira chinzake

M'mawa wa pa 5 Juni 2013, mumzinda wa Philadelphia ku America, anthu ankasankha zovala ndi ziwiya m'sitolo ya kaunjika ya bungwe la Salvation Army pa msewu wa Market. Sitoloyo inali nyumba yapansi, ndipo mogundizana nayo panali nyumba yakale ya nsanjika zinayi imene amisiri anali mkati moigwetsa. Nthawi isanakwane 11 koloko, khoma lalitali la njerwa limene linatsala chilili kumbali ya sitoloyo linapendekeka n'kugwera padenga pake. Anthu 6 anafera pomwepo, ena oposa 10 anavulala, ndipo mayi wina amene anamupeza pansi pa zigumukazo patatha maola 13 anadulidwa miyendo yonse iwiri.

Zimene zinadzamveka m'khoti n'zimene zandichititsa kuyamba ndi nkhani imeneyi. Kontrakitala anali atazula mitanda yamatabwa ya m'kati mwa nyumbayo kuti akaigulitse. Mitanda imeneyo inkanyamula pansi pa nsanjika iliyonse, komanso inkagwira ntchito ina yosaonekera, yomanga makoma a mbali ziwiri kuti asapendekeke. Itachoka, khoma linatsala lokhalokha popanda cholichirikiza, uku katapila akugumula pafupi nalo, ngakhale kuti malamulo a ntchito a dzikolo amaletsa kusiya khoma lotalika kuposa nsanjika imodzi lili chilili popanda michirikizo. Kontrakitalayo analamulidwa kukhala m'ndende zaka zapakati pa 15 ndi 30, woyendetsa katapila nayenso anamangidwa, ndipo mu 2017 mlandu wa chipukuta misozi unatha ndi mgwirizano wa madola 227 miliyoni. Khoti linapezanso eni sitolo kuti anali ndi mbali yawo pa mlanduwo, popeza machenjezo anali atawafika koma malonda ankapitirirabe.

Nyumba imene ili yathunthu nthawi zambiri imadzigwira yokha, ndipo imene yagwa kale yasanduka mulu wongofunika kuola. Nyengo yoopsa ndi ya pakatikati, pamene denga lachoka, khoma lina lagumulidwa, lina likadali chilili, ndipo chilichonse chotsala chikunyamula katundu amene mmisiri woimanga sanachikonzere. Kukonzekera kugwetsa nyumba ndiko kulingalira nyengo imeneyi sitepe ndi sitepe hamala isanagunde njerwa yoyamba. Kwathu kuno, m'matauni ndi m'malo a malonda, sitolo zakale zikugwetsedwa kuti pamangidwe nyumba zosanjikizana, nyumba zogona zikusandutsidwa maofesi ndi mashopu, ndipo kawirikawiri ntchito yogumulayo imaonedwa ngati ganyu wamba, woti anyamata anayi amphamvu angaumalize Loweruka limodzi. Ine ndikuona kuti ndi gawo limeneli limene likufunika mutu wozizira kuposa kumanga kwenikweniko.

Kulemera kwa nyumba kuli ndi njira yake yotsikira pansi. Malata amakhala pa mapaso, mapaso ndi mitanda zimatsamira pa ring'i bimu kapena pamwamba pa khoma, silabu imagona pa mabimu, mabimu pa mapilala, ndipo zonsezi zimakathera m'maziko. Mukachotsa chinthu chimodzi panjira imeneyi, kulemerako sikutha ayi, kumangosamukira pa china chimene chili pafupi, kaya chingathe kaya sichingathe. Ndipo kulemera kwake n'kwakukulu kuposa mmene maso amaonera. Konkire wokwana mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu amalemera pafupifupi makilogalamu 2,400, kutanthauza kuti silabu yokhuthala masentimita 15 imalemera makilogalamu pafupifupi 360 pa sikweya mita iliyonse. Khoma la njerwa zootcha lotalika mamita 5, msinkhu mamita 3, lokhuthala masentimita 23, limaposa matani 6, kulemera kofanana ndi matumba a simenti oposa 120. Limeneli ndi khoma wamba la chipinda chogona, ndipo munthu amene laligwera alibe mwayi wodzuka.

Choncho ntchito yoyamba ndi kuyendera nyumbayo ndi munthu wodziwa, ndipo pa nyumba yosanjikizana, ya silabu, kapena yogundizana ndi ina, munthu ameneyu ayenera kukhala injiniya wa zomangamanga. Iye amafuna kudziwa zimene anamangira nyumbayo, makoma amene akunyamula ndi amene angogawa zipinda, komwe mitanda yalowera, ndiponso mmene nyumbayo yafookera ndi zaka. Mapulani akale akapezeka amathandiza, koma sayenera kukhulupiriridwa okha, chifukwa nyumba zathu zambiri zinakula pang'onopang'ono: chipinda china anawonjezera mwana woyamba atakula, khonde analitseka n'kukhala sitolo, pamene panali zenera anaboola chitseko. Khoma lowonjezera nthawi zambiri silinalumikizidwe bwino ndi lakale, limangotsamira, ndipo pulasitala ndi penti zimabisa msokowo. Pulasitala yemweyo amabisanso ngati njerwa anamangira simenti kapena matope, ndipo njira yodziwira ndi kusenda pang'ono malo angapo n'kukanda pakati pa njerwa ndi msomali. Kudenga, mtanda umene ukuoneka wathunthu ukhoza kukhala chikhungwa chokha chiswe chitadya m'kati, ndipo munthu woupondayo amatsika nawo limodzi. Ming'alu yodutsa mopingasa kuchokera pakona ya zenera, khoma lofufuma pakati, zitsulo za dzimbiri zimene zasuzumira pansi pa silabu, ndiponso zizindikiro zoti nyumbayo inapsapo, zonsezi zimasintha dongosolo la kagwetsedwe.

Ngozi zambiri zimachitika pokonzanso nyumba, pamene mwini sakuganiza n'komwe kuti akugwetsa kanthu. Taganizirani banja limene likufuna kuphatikiza pabalaza ndi chipinda chodyera kuti pakhale malo aakulu. Mmisiri amagogoda khoma lapakati, n'kunena kuti ndi la njerwa imodzi, lingochoka. Koma akanakwera m'siling'i ndi tochi akanaona kuti mitanda iwiri ya denga yalumikizirana pamwamba penipeni pa khomalo, ndipo thanki ya madzi otentha yakhazikika pomwepo. Khoma lotere limachotsedwa motsatira ndondomeko yake: choyamba amaimika michirikizo mbali zonse ziwiri, kaya yachitsulo kaya mitengo ya bulugama yowongoka ndi yokhwima, itaponda pa thabwa lochindikala kuti isaboole pansi, kenako amaika bimu yatsopano imene injiniya waiwerengera kukula kwake, itakhala mokwanira pa khoma kapena pa mapilala a mbali zonse, ndipo ngati bimuyo ndi ya konkire, amaisiya ikhwime, podziwa kuti konkire amafika pa mphamvu imene amamuwerengera pakatha masiku 28. Khoma la pansi pake limachoka pomalizira, ndipo michirikizo imatsitsidwa pang'onopang'ono maso ali kudenga. Amene amayamba ndi kuboola khoma, n'kumati bimu tiika mawa, amagoneka banja pansi pa denga lolendewera.

Palinso chinthu china chimene chimapusitsa ngakhale amisiri ozolowera, chomwe ndi kasilabu kotulukira kunja kopanda mzati, monga kamene kamaphimba khonde la sitolo zakale kapena khonde la m'mwamba. Kasilabu kotere kamaima chifukwa mbali yake ya m'kati yapanikizidwa ndi kulemera kwa khoma la pamwamba pake, kapena yamangiriridwa ku silabu ya m'kati. Munthu amene akugumula khoma la pamwambalo amakhala akuchotsa chimene chikukagwira, ndipo nthawi zambiri amakhala ataima pa kasilabu komweko. Kayenera kuchirikizidwa kunsi kapena kuchotsedwa koyamba, kuyambira kunsonga kubwerera kukhoma.

Nyumba isanakhudzidwe, magetsi ayenera kudulidwa kuchokera ku polo ndi a ESCOM eni ake, chifukwa kuzimitsa pa bokosi la m'nyumba kumasiya waya wochokera panja uli wamoyo, ndipo waya umenewu umalowera pakhoma kapena padenga pomwe anthu akukagwira ntchito. Madzi atsekedwe pa mita, mapaipi a zonyansa atsekedwe kukamwa, masilinda a gasi ndi mabatire a sola achotsedwe. Malo amene pali thanki ya chimbudzi chamadzi, dzenje lakale la chimbudzi kapena chitsime chokwiriridwa aikidwe chizindikiro, popeza lole yodzaza zigumuka kapena katapila akaponda pamenepo amatitimira. Chilolezo chifunsidwe ku khonsolo nthawi ikadalipo, ndipo ngati nyumbayo ndi yakale kwambiri, nthambi ya boma yoona zinthu zakale ifunsidwenso, chifukwa nyumba zina, monga Mandala House ya ku Blantyre yomangidwa mu 1882, n'zotetezedwa ndi lamulo ndipo mwini sangazisinthe mmene wafunira.

Nkhani imene ndikufuna ndiikhalire pang'ono ndi ya asibesitosi, chifukwa kupha kwake n'kwachinunu. Malata otuwa, ochindikala, ooneka ngati a simenti, amene afolera nyumba zambiri zakale, sukulu ndi nyumba zosungiramo katundu m'chigawo chino cha Africa, anapangidwa posakaniza simenti ndi ulusi wa mwala umenewu, womwe unkakumbidwa kwambiri ku Zvishavane ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe komanso ku South Africa. Umapezekanso m'masiling'i ena akale, m'mapaipi a madzi ndi m'matailosi ena a pansi. Lata likakhala lathunthu padenga, ulusiwo umakhala womangika m'simenti. Likaswedwa ndi hamala, kudulidwa ndi girayinda kapena kuponyedwa pansi kuchokera kudenga, timaulusi tosaoneka ndi maso timauluka, timalowa m'mapapo, ndipo sititulukamonso. Matenda ake, omwe ndi kuuma kwa mapapo, khansa ya m'mapapo ndi khansa ya kachikopa kokuta mapapo, amaonekera patapita zaka 20, 30 ngakhale 40, mnyamata amene anagwira ganyuyo ataiwala kalekale nyumba imene anasasula. Dziko la Britain linaletseratu asibesitosi mu 1999 ndipo South Africa inatero mu 2008.

Malata otere amatsitsidwa athunthu, limodzilimodzi. Amayamba awanyowetsa, amamasula mabawuti kapena kudula mitu yake m'malo moswa lata, amawalandizana m'manja mpaka pansi, amawakulunga m'pulasitiki wochindikala, ndipo amakawataya kumalo amene khonsolo yalozera. Ogwira ntchitoyo amavala zophimba mphuno zosefa fumbi losalala kwambiri, osati kansalu kapena masiki ya kuchipatala, ndipo zovala zantchito sapita nazo kunyumba kuti mayi akachape pamodzi ndi za ana. Pansi sasesa pouma. Munthu asayende pamwamba pa malatawa, chifukwa akakalamba amaphwanyika ngati mbale yadothi popanda kuchenjeza. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti malata amenewa akatsika amapeza msika msanga: wina amafolera khola la nkhuku, wina amatchingira bafa, zidutswa zake amakwirira nazo maenje a mumsewu momwe matayala amazipera tsiku ndi tsiku ana akusewera pomwepo. Mwini nyumba amene wawapereka mwaulere amadziona ngati wathandiza mnansi wake. Fumbi la konkire ndi la njerwa nalonso limawononga mapapo, ndipo penti yakale ikhoza kukhala ndi mtovu, n'chifukwa chake madzi opopera sayenera kusowa pamalopo.

Kagwetsedwe kenikeni kamatsata lamulo limodzi, lakuti nyumba imatsika mobwerera mmene inakwerera. Zimayamba kuchoka ndi zimene sizinyamula kanthu: magalasi, zitseko, mawaya, masinki, siling'i. Kenako malata, kenako mapaso ndi mitanda, koma makoma a gebulo, aja osongoka a kumapeto kwa denga, amene amatsala ataima ngati tsamba denga likachoka, amachirikizidwa kapena kutsitsidwa tsiku lomwelo. Makoma amatsika mzere ndi mzere kuchokera pamwamba, mozungulira nyumba yonse mofanana, wogumulayo ataima pa makako olimba, osati atakhala pakhoma limene akuligumulalo. Pa nyumba yosanjikizana, nsanjika imodzi imatha yonse asanakhudze ya pansi pake, silabu isanachoke bimu sichoka, ndipo pilala limachoka pomalizira. Zigumuka siziunjikidwa pa silabu, chifukwa silabu ya nyumba yogona anaikonzera anthu ndi mipando, osati mulu wa njerwa wofika m'chiuno.

Chizolowezi chimene chiyenera kutheratu ndi chija chokumba khoma kunsi. Anyamata amachotsa mizere iwiri kapena itatu ya njerwa m'munsi, n'kulikankha kapena kulikoka ndi chingwe kuti ligwe lonse kamodzi. Zimafulumira, ndipo njerwa zambiri zimatsala zathunthu, koma khoma lokumbidwa kunsi silisankha nthawi kapena mbali yogwera, ndipo wokumbayo amakhala atawerama patsinde pake, pamalo pomwe kuthawa n'kosatheka. Pa makoma omangira matope m'nyengo yadzinja, pamene denga lachoka ndipo mvula yalowa pakati pa njerwa, khoma limatha kugwa lisanakankhidwe n'komwe.

Katapila amachotsa anthu pansi pa khoma, ndipo pa chifukwa chimenechi ndi wabwino pomwe pali malo okwanira, koma naye ali ndi malire. Mkono wake uyenera kufika pamwamba pa nyumba iye ataima patali, ndipo ngati sukufika, mayesero amakhala oti ayambe kudya nyumbayo pakati kapena pansi. Pa 9 Juni 2021, mumzinda wa Gwangju ku South Korea, nyumba ya nsanjika zisanu imene ankaigwetsa inagwera mumsewu n'kuphimba basi imene inaima pa siteji, ndipo anthu 9 anafa, ena 8 anavulala. Ofufuza anapeza kuti dongosolo lolembedwa loti ayambire pamwamba silinatsatidwe, kuti dothi limene anaunjika kumbuyo kwa nyumbayo kuti katapila akwerepo linkaikankha, ndiponso kuti ntchitoyo inadutsa m'manja mwa makontrakitala angapo, aliyense akupatsira mnzake pa mtengo wotsikirapo. Pepala la dongosolo linalipo, koma pamalopo panalibe woonetsetsa kuti likutsatidwa.

Za kugwetsa nyumba ndi mabomba sinditaya nazo nthawi, chifukwa ndi ntchito ya akatswiri ochepa ndipo nyumba zambiri sizifuna njira imeneyi. Nyumba yaitali ya Bank of Lisbon ku Johannesburg, imene inapsa mu 2018, inagwetsedwa motero mu Novembala 2019 anthu oyandikana nayo atayamba asamutsidwa. Koma mu Julayi 1997 ku Canberra m'dziko la Australia, pogwetsa chipatala chakale, khamu la anthu linaitanidwa kudzaonerera, ndipo chidutswa cha chitsulo chinauluka mamita oposa 400 kudutsa pamwamba pa nyanja n'kupha mtsikana wa zaka 12.

Pa ngozi zitatu zimene ndatchulazi, anthu amene anafa anali kunja kwa mpanda wa ntchito: ogula ndi ogulitsa m'sitolo, okwera basi, mwana woonerera. Choncho dongosolo limene likungoona za amisiri okha n'loperewera. Funso loyenera kufunsa pa khoma lililonse ndi lakuti, likati ligwe lonse mbali yolakwika, likafika pati, ndipo pamenepo pamakhala ndani nthawi imeneyo? Malo onsewo atchingidwe ndi mpanda wa malata, ndipo ngati akulowa mumsewu kapena m'khonde mmene amayi amagulitsiramo tomato, khonsolo ithandize kutseka njirayo kapena kusuntha malondawo kwa masiku amenewo. Ngati akufika pa nyumba ya mnansi, mnansiyo auzidwe maso ndi maso komanso polemba kalata, ndipo pa maola oopsawo nyumba yake ikhale yopanda munthu, ngakhale zitatanthauza kumulipira malonda a tsikulo. Pamene nyumba ziwiri zagawana khoma limodzi, monga zilili sitolo zambiri za mumzere, injiniya aone ngati ya mnansiyo sikutsamira pa yanu, ndipo ming'alu imene ilipo kale ijambulidwe onse awiri akuona, kuti mawa pasadzabuke mlandu. Madzulo mlonda akhalepo, chifukwa ana ndi otola zitsulo amalowa amisiri akangoweruka, ndipo chitsulo chimene akuchikoka chikhoza kukhala chomwe chagwira bimu.

Gwero la zambiri mwa izi ndi kalipiridwe. Mwini malo akauza munthu kuti gumulani, malata, matabwa ndi zitsulo zikhale malipiro anu, wamuuza mosadziwa kuti ayambe ndi kuzula zimene zili ndi mtengo, ndipo zimene zili ndi mtengo m'nyumba kawirikawiri ndi zomwezo zimene zikuigwira. Ndi zimene zinachitika ku Philadelphia. Kupulumutsa zipangizo n'kwabwino, ndipo njerwa, mafelemu ndi matabwa abwino siziyenera kutayidwa, koma chilichonse chichoke nthawi yake ikakwana. Njira yabwino ndi kulipira ntchito yogumulayo payokha, kusankha kontrakitala wolembetsedwa amene anagwirapo ntchito yotere, kumufunsa ngati ali ndi inshuwalansi yoteteza antchito ndi anthu odutsa, ndiponso kulemba m'mgwirizano kuti sapatsira wina ntchitoyo mwini asakudziwa. Lamulo la dziko lino la 1997 loona za chitetezo ndi umoyo pantchito limaika udindo wosamala antchito pa wowalemba, ndipo zipewa zolimba, jombo, magolovesi ndi magalasi oteteza maso ndi gawo laling'ono chabe la udindo umenewo.

Dongosolo lonse lilembedwe, ngakhale pa masamba awiri okha, m'chinenero chimene ogwira ntchitoyo amamva: chiyambe n'chiyani, chitsatire n'chiyani, michirikizo iikidwe pati, zigumuka zitsikire kuti, ndani ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito, ndipo wovulala athamangire naye chipatala chiti, pa galimoto ya yani. M'mawa uliwonse kapitawo alongosole gawo la tsikulo asanagwire zida. Pakapezeka chimene sichinayembekezeke, kaya bimu yobisika, mng'alu watsopano kapena fumbi lothothoka lokha pamsoko wa khoma, anthu atuluke ndipo injiniya aitanidwe. Poweruka, kapitawo azungulire nyumbayo n'kutsimikiza kuti palibe chotsala chimene mphepo kapena mvula ya usiku ingagwetse.

Makoma akatha, ntchito imatsikira pansi. Maziko akale amafukulidwa, koma pafupi ndi malire pamafunika kusamala, chifukwa kukumba mozama kuposa maziko a mnansi kumachotsa dothi limene nyumba yake yapondapo. Thanki ya chimbudzi imapopedwa, kuphwanyidwa ndi kukwiriridwa mosanjikiza, dothi likutsenderedwa pang'onopang'ono, ndipo malo ake, pamodzi ndi a maenje ndi zitsime zakale, amalembedwa pa pulani kuti wojambula nyumba yatsopano asaikepo pilala. Maduka a njerwa ndi zidutswa za konkire zopanda asibesitosi, matabwa kapena zinyalala zimagwira ntchito yodzazira pansi pa simenti yatsopano, ndipo zotsalazo zimapita kumalo otayirako amene khonsolo inakhazikitsa, osati m'mphepete mwa mtsinje kapena mu ngalande, momwe mvula yoyamba imazikokolola n'kukatseka kalavati wa kumunsi.